Liwiro Losayambira Limodzi: Mbiri ya International Orienteering Federation

Makolo adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, pakuti ankadziwa kuti wochedwa kunyamuka sangampeze mnzake pamene phazi likutitimira. Koma kumayiko a kumpoto kwa Ulaya kudabadwa mpikisano wina umene othamanga ake sayambira limodzi, saperekezana m'njira, ndiponso sadziwa kumene akupita kufikira mphindi imene apatsidwa mapu m'manja. Dzina lake ndi orienteering, mawu ochokera ku chinenero cha ku Sweden, ndipo tanthauzo lake ndi kudzipezera njira pamalo achilendo. Tsono ngati anthu sayambira limodzi ndipo sadzera njira imodzi, adzaweruzidwa bwanji mwachilungamo kuti uyu ndiye waposa anzake? Funso limeneli ndilo lakhala katundu wa bungwe la International Orienteering Federation, limene ambiri amangoti IOF, kuyambira tsiku limene lidabadwa; ndipo katunduyo adalemera koposa pamene bungwelo lidatulutsa masewera ake m'nkhalango ndi kuwalowetsa m'makwalala a mizinda.

Kachitidwe kake n'kotere. Pamapu pali kachizindikiro ka ngodya zitatu kosonyeza poyambira, pali timikombero tolembedwa manambala, ndipo pomalizira pali mikombero iwiri, wina m'kati mwa unzake. Pamalo enieni amene kamkombero kalikonse kakuloza pamakhala mbendera ya nsalu ya mbali zitatu, yoyera ndi yofiirira ngati lalanje lakupsa, mbali iliyonse masentimita 30 m'litali ndi m'lifupi momwe. Wothamanga ayenera kuzifikira mbenderazo motsata manambala, osadumpha ndi imodzi yomwe. Koma njira yochokera pambendera ina kupita pa ina amadzisankhira yekha, kotero kuti wina akwera phiri molunjika, wina alizungulira chakumunsi, ndipo amene watha nthawi yochepa ndiye mwini ulemu.

Mawu akuti orientering adayamba kumveka mu 1886 pasukulu ya asilikali ya Karlberg ku Sweden, kumene anyamata ankaphunzitsidwa kudutsa m'thengo ndi mapu ndi kampasi. Mpikisano woyamba wa anthu wamba udachitika ku Norway, pafupi ndi mzinda umene lero umatchedwa Oslo, m'chaka cha 1897. Koma amene anthu amamukumbukira monga tate wa masewerawa ndi Major Ernst Killander, mtsogoleri wa achinyamata wa ku Stockholm, amene ataona kuti anyamata akutopa nako kuthamanga mozungulira bwalo limodzimodzi, adawatengera kuthengo, ndipo mu 1919 adakonza mpikisano waukulu woyamba kufupi ndi mzindawo. Mu 1933 abale a banja la Kjellström pamodzi ndi Gunnar Tillander adayamba kupanga kampasi yotchedwa Silva, yosavuta kuigwira pamodzi ndi mapu, ndipo kuyambira pamenepo masewerawa adafalikira ngati moto wa kutchire m'mayiko a Sweden, Norway, Finland ndi Denmark, kenaka nafika ku Switzerland, ku Hungary ndi ku Czechoslovakia.

Pa 21 May 1961 nthumwi za mayiko khumi zidasonkhana mumzinda wa Copenhagen ndi kukhazikitsa IOF. Mayikowo adali Bulgaria, Czechoslovakia, Denmark, Finland, Hungary, Norway, Sweden, Switzerland, ndi ma Germany awiri, wa kuvuma ndi wa kuzambwe. Ndipo woyamba kukhala pampando adali Erik Tobé wa ku Sweden, amene adatsogolera kufikira 1975. Wowerenga aganizire kuti m'mwezi wa August wa chaka chomwecho khoma la Berlin lidamangidwa, ndi kuti m'masiku amenewo maboma ambiri a kuvuma kwa Ulaya ankasunga mapu atsatanetsatane monga chinsinsi cha nkhondo. Chotero sichidali chinthu chaching'ono kuti anthu a mbali ziwiri zodanazo akhale pansi pamodzi ndi kupangana za kujambula zigwa ndi zitunda za kwawo kuti alendo adzathamangemo. Mpikisano woyamba wa mayiko a ku Ulaya udachitikira ku Løten, ku Norway, mu 1962, ndipo wa dziko lonse lapansi udachitikira ku Fiskars, ku Finland, mu 1966.

Ntchito yoyamba ya bungweli idali ya mapu, ndipo ndinganene kuti ndiyo ntchito yake yaikulu kufikira lero. Poyamba dziko lililonse linkathamangira mapu a boma lake, ojambulidwa monga mwa mwambo wake, kotero kuti eni dziko ankawerenga ngati kalata ya mbale wawo, pamene mlendo ankangoona zilembo zosamveka. Ndipo mpikisano wotere suli mpikisano ayi, koma kuitanira mlendo kumsampha. Mu 1969 bungwe lidatulutsa malamulo oyamba a kajambulidwe ka mapu a masewerawa, kuti mwala ukhale ndi chizindikiro chimodzi ku Finland ndi ku Hungary komwe. Malo oyera papepala ndi nkhalango imene munthu angathamangemo mosavuta, achikasu ndi poyera popanda mitengo, obiriwira ndi zitsamba zowirira, ndipo mizere yofiirira ngati dothi ndiyo ikusonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Pambuyo pake ngakhale mawu ofotokoza pamene mbendera yaikidwa, kaya ndi kumpoto kwa thanthwe kapena pamene mitsinje iwiri yakumana, adasandutsidwa tizizindikiro, kuti munthu asalakwe chifukwa chosadziwa chinenero cha eni ake.

Mu 1977 komiti yaikulu ya masewera a Olympic idavomereza IOF monga bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, ndipo atsogoleri ake adayembekezera kuti khomo latseguka. Koma zaka zidapita, khomo lili chitsekere. Chifukwa chake sichidali chobisika. Tangoganizani khamu la anthu litaima m'dambo m'mphepete mwa nkhalango, mvula ikuwaza: aona munthu alowa m'mitengo, ndipo kwa ola limodzi ndi theka saonanso kanthu, kufikira atatuluka ali matope okhaokha, miyendo itakandika, ndipo ngakhale pamenepo sadziwa ngati wapambana, pakuti wina amene adanyamuka pambuyo pake akali m'thengo. Zonse zokoma za mpikisanowo, kuganiza, kusokera, kuzindikira cholakwa ndi kubwerera, zinkachitika pamalo pamene panalibe diso la munthu. A wailesi ya kanema sakadatha kuika makamera paphiri lililonse, ndipo amalonda sapereka ndalama zawo ku chinthu chosaoneka.

Amene adayamba kufuna njira ina sadali akuluakulu a pampando koma othamanga eni ake. Ku Italy magulu a masewerawa adali atayamba kale kupikisana m'tinjira ta mzinda wa Venice, umene makwalala ake ndi ngalande za madzi, ndipo anthu ankabwera kuchokera kutali kudzasokera mokondwa pakati pa milatho yake. Pakati pa zaka za m'ma 1990 akatswiri ena a ku Scandinavia, mmodzi wa iwo Jörgen Mårtensson wa ku Sweden, amene adapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1991 ndi mu 1995, adayambitsa mipikisano yaifupi yotchedwa Park World Tour, nayenda nayo m'mapaki ndi m'mizinda ya mayiko ambiri, kufikira ku Asia, kuti anthu aone ndi maso awo chimene chinkabisika m'nkhalango. M'zaka zomwezo makampani a Emit ku Norway ndi SPORTident ku Germany adabweretsa tizipangizo tamagetsi tonyamula kudzanja, tolemba nthawi imene munthu wafika pambendera iliyonse. Pakuti kale wothamanga ankanyamula kakhadi ndi kukabowola ndi kachitsulo ka mano kolendewera pambendera, ndipo oweruza ankakhala mpaka madzulo akuyang'ana timabowo pakuwala.

M'chaka cha 2000 msonkhano waukulu wa bungweli udachitikira ku Leibnitz, ku Austria, pampando pali Sue Harvey wa ku Scotland, mayi amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idali yojambula ndi kusindikiza mapu, ndipo adatsogolera bungweli kuyambira 1994 kufikira 2004. Kumeneko mayiko adapangana pangano limene limadziwika ndi dzina la mzindawo, lakuti masewerawa apite kumene kuli anthu, akhale okoma kwa oonerera ndi kwa a kanema, afalikire kumayiko atsopano, ndi kuti potero njira ya ku Olympic ilambulidwe. Chaka chotsatira, ku Tampere m'dziko la Finland, mpikisano waufupi wotchedwa sprint udalowa koyamba pakati pa mipikisano ya dziko lonse, ndipo adapambana ndi Jimmy Birklin wa ku Sweden ndi Vroni König-Salmi wa ku Switzerland. Koma tsiku limene ambiri adakhulupirira lidafika mu 2003 ku Rapperswil, kamzinda kakale ka m'mphepete mwa nyanja ya Zürich, pamene khamu lalikulu lidadzaza makwalala kunsi kwa linga lakale, ndipo Jamie Stevenson wa ku Britain adapambana kwa amuna, pamene Simone Luder, mwana wa dziko la Switzerland limene lidalandira mpikisanowo, adapambana kwa akazi, natenga mamendulo onse anayi a golide a chaka chimenecho.

Walira mvula walira matope. Bungwe lidafuna mzinda, ndipo lidaulandira pamodzi ndi mavuto ake, amene m'nkhalango sankadziwika n'komwe. M'thengo mwala umene udali pamenepo chaka chatha udzakhala pomwepo chaka chamawa, ndipo palibe amene amatseka chigwa ndi loko. Koma mumzinda chipata chimene wojambula mapu adachipeza chotsegula Lachitatu chikhoza kupezeka chotseka Loweruka, galimoto yonyamula katundu ikhoza kuima pakamwa pa kanjira, ndipo amisiri a mapaipi akhoza kukumba dzenje usiku umodzi pamene dzulo padali poyera. M'nkhalango mpikisano wautali umatha ola limodzi ndi theka, ndipo amene wataya theka la mphindi akhoza kulibweza; koma sprint idaikidwa kuti wopambana amalize m'mphindi 12 kufikira 15, kotero kuti sekondi imodzi imalekanitsa wa golide ndi wa siliva, ndipo agogo amodzi okankha kangolo ka mwana pakona akhoza, mosadziwa, kusintha mbiri ya munthu amene wakonzekera zaka zinayi.

Chifukwa chake kudafunika mapu a mtundu wina. Mapu a m'nkhalango a mpikisano wautali amajambulidwa pa muyeso wa 1:15000, ndiko kuti sentimita imodzi papepala ndi mamita 150 pansi. A mumzinda ali pa 1:4000, sentimita imodzi mamita 40, kuti makwerero, timipata ta pakati pa nyumba ndi njira zodzera pansi pa denga zioneke bwino kwa munthu amene akuwerenga akuthamanga, mtima ukugunda. Malamulo a mapu a mumzinda adakhazikitsidwa m'zaka zoyamba za m'ma 2000, nakonzedwanso mu 2007 ndi mu 2019. M'menemo nyumba ndi zotuwa ngati phulusa. Bwalo la mwini wake kapena dimba la maluwa ndi lobiriwira moderako, ndipo wopondapo wachotsedwa mumpikisano. Mzere wakuda wonenepa ndi khoma kapena mpanda umene suloledwa kulumphidwa, ngakhale munthuyo atakhala ndi miyendo yoti n'kuulumpha. Lamulo lotsirizali ndimalilemekeza kwambiri, pakuti limateteza zinthu ziwiri nthawi imodzi: wamfupi ndi wamtali amayesedwa ndi muyeso umodzi, ndipo mwini nyumba, amene sadaitane aliyense, sapeza maluwa ake atapondedwa. Mpikisano wa mumzinda ndi mlendo pakhomo pa eni ake, ndipo mlendo wopanda ulemu saitanidwanso.

Palinso vuto la kudziwiratu malo. Nkhalango yakutali ikhoza kuletsedwa kwa zaka zingapo, anthu osalowamo. Koma mzinda sungatsekedwe, ndipo masiku ano munthu ali m'chipinda chake akhoza kuyenda makwalala onse a mzinda wa kutsidya la nyanja pa kompyuta. Tsono bungwe lidachita zinthu zitatu. Limalengeza msanga dera limene opikisana saloledwa kuyendamo, kapena kuyendamo ndi mapu, kufikira tsiku la mpikisano. Limalamula kuti mapu akale a deralo, ngati alipo, aperekedwe kwa onse, kuti chimene adziwa mmodzi adziwe onse. Ndipo okonza amaloledwa kuika mipanda yongoyembekezera m'mamawa wa tsikulo, yosonyezedwa pamapu, kuti njira imene munthu adailoweza pamtima ipezeke yotseka ndipo ayambe kuganiza mwatsopano. Pa tsikulo othamanga onse amasonkhanitsidwa m'nyumba imodzi, kawirikawiri sukulu kapena holo ya masewera, mpikisano usanayambe. Mafoni amaletsedwa, ndipo amatuluka mmodzimmodzi, mphindi imodzi pakati pa wina ndi mnzake, kuti wotsiriza asamve kanthu za njira imene woyamba wadzera. Pamwamba pa zonsezi bungwe limatuma mlangizi wake, wosakhala wa gulu lokonzalo, kuti ayende njira yonse ndi mapazi ake, ayese mapu, ndi kukana chilichonse chimene chingakondere wina.

Ine ndidaona kachigawo ka ntchito imeneyi m'kamzinda kena ka ku England, pa mpikisano waung'ono wa gulu la m'deralo, Lamulungu m'mawa nyengo yachisanu. Kusanache bwino ndidapeza mayi wina wa imvi atagwada kunsi kwa makwerero a konkire, akumangirira mbendera ndi kabokosi kake kamagetsi kuchitsulo ndi chingwe cha waya ndi loko, zala zitauma ndi mphepo, mapu atawaluma pakamwa. Atatha adaimirira, nabwerera m'mbuyo mapazi khumi, nayang'ana mapu, nayang'ananso mbendera, ndipo adamasula zonse ndi kuisunthira kumbali ina ya mzati, pakuti pepala lidati mbendera ili kumwera kwa mzatiwo, osati kuvuma. Kusiyana kwake sikudakwane mita imodzi. Dzuwa litakwera ndidaona mnyamata wina wamphamvu ataima pamlatho pamwamba penipeni pa malo omwewo, akuzungulirazungulira, maso pamapu, mbendera ili mamita anayi pansi pa mapazi ake. Ndipo pamene ankafuna makwerero, bambo wina wokalamba, amene adawerengeratu kuti njirayo ndi yapansi, adafika mwakachetechete, nakhudza kabokosiko, napitirira. Kulumpha dzenje n'kulionera patali. Malo a misinkhu iwiri kapena itatu otere, monga a Barbican mumzinda wa London, kumene tinjira ta oyenda pansi tili pamwamba pa misewu, ndiwo amakondedwa koposa ndi othamanga, ndiwonso amasautsa koposa ojambula mapu, popeza pepala n'lathyathyathya pamene mzinda uli ndi pansi ndi pamwamba.

Za kalendala ndi nkhani ina ya mikangano yake. Kwa zaka zambiri mpikisano wa dziko lonse unkachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo kuyambira 1986 mipikisano ya World Cup idadzaza mpata wa pakati. Kuyambira 2003 udayamba kuchitika chaka ndi chaka, wa m'nkhalango ndi wa mumzinda m'sabata imodzi. Ndipo dziko lofuna kulandira alendo lidayenera kukhala ndi nkhalango yabwino ndi mzinda wabwino moyandikana, pamodzi ndi anthu ongodzipereka mazanamazana okwanira zonse ziwiri. Mu 2014, ku Italy, othamanga adayesedwa pachilumba cha Burano ndi m'tinjira ta Venice, kenaka nakwera kumapiri a Trentino. Ndipo mumzinda wa Trento mudachitika koyamba mpikisano wopatsirana wa mumzinda, wa anthu anayi patimu, akazi awiri ndi amuna awiri, mkazi woyamba ndi mkazi wotsiriza. Katunduyo adaoneka kuti wakula, ndipo mu 2015 mayiko adagwirizana kuti kuyambira 2019 mipikisanoyi ilekane: chaka china wa m'nkhalango, chaka chotsatira wa mumzinda. Ambiri okonda nkhalango adadandaula kuti cholowa cha makolo awo chagulitsidwa kwa a kanema, ndipo dandaulo lawo silidali lopanda pake, pakuti katswiri wa m'thengo tsopano amadikira zaka ziwiri kuti ayesenso mwayi wake. Komabe ine ndiona kuti chigamulocho chidali cholungama, chifukwa dziko lopanda nkhalango za mtundu wa ku Scandinavia likhoza tsopano kulandira dziko lonse m'mizinda yake.

Wa m'nkhalango woyamba udachitikira ku Østfold, ku Norway, mu 2019. Wa mumzinda udayenera kuchitikira ku Denmark mu 2020, koma mliri wa Covid-19 udauimitsa, ndipo udachitika mu 2022 m'mizinda ya Kolding, Fredericia ndi Vejle, kumene Megan Carter-Davies wa ku Britain ndi Kasper Fosser wa ku Norway adapambana sprint. Kumeneko kudalowanso mpikisano wa chipulula, umene othamanga 36 opambana m'ndime yoyamba amagawidwa m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi, nanyamuka pamodzi, otsalira nachotsedwa, kufikira patatsala asanu ndi mmodzi a ndime yotsiriza. Ndipo oyamba kuupambana adali Tove Alexandersson wa ku Sweden ndi Matthias Kyburz wa ku Switzerland. Apa tsono mwambi wa makolo uja udakwaniritsidwa, pakuti othamanga adayambira limodzi ndipo woyamba kufika ndiye wopambana, chinthu chimene ngakhale mwana woonerera amachimva. Koma chidabala vuto lake, lakuti waliwiro akhoza kungotsata msana wa wanzeru ndi kumupitirira pomalizira. N'chifukwa chake okonza nthawi zina amasiyanitsa mbendera zina za pakati, kuti wotsata mnzake mwakhungu apezeke pambendera imene si yake. Mu July 2024 mpikisanowu udachitikira ku Edinburgh, mzinda wa makwerero ndi tinjira topapatiza totsika kuchokera kumsewu waukulu wakale, ndipo wa 2026 udaperekedwa kwa mzinda wa Genoa ku Italy.

Chatsala ndi kusanja akatswiri pamndandanda, ntchito imene imaoneka ya masamu okhaokha koma m'kati mwake muli funso lomwe lija la chilungamo. Wothamanga mamita 100 nthawi yake ikhoza kuyerekezedwa ndi ya wina wa kudziko lina, pakuti mamita 100 ndi amodzimodzi kulikonse. Koma m'masewera awa palibe njira ziwiri zofanana, ndipo mphindi 14 za ku Vejle sizinena kanthu za mphindi 14 za ku Edinburgh. Tsono bungwe silimayesa munthu ndi wotchi yokha, koma ndi anzake amene adathamanga nawo tsiku limenelo. Pa mpikisano uliwonse umene lauvomereza kuti uwerengedwe, limayang'ana othamanga amene ali kale pamndandanda, mapointi awo ndi nthawi imene atha. Ndipo kuchokera pamenepo limapeza mapointi a aliyense, kotero kuti kuposa akatswiri kumalemera kuposa kupambana pakati pa ofooka. Mwa zotsatira za munthu m'nyengo yoikika amatengapo zabwino zochepa chabe, kuti wolemera wotha kuyenda mipikisano yambiri asapose mnzake chifukwa cha ndalama za ulendo. Ndipo popeza zidaoneka kuti katswiri wa m'makwalala si nthawi zonse ali katswiri wa m'thengo, mindandanda idakhala iwiri, wa sprint ndi wa m'nkhalango. Mndandandawo suli wongodzitamandira nawo, pakuti umathandiza kusankha amene adzanyamuke potsiriza pa mipikisano ikuluikulu, ndi kugawa malo a opikisana.

Apa ndiyenera kunena chimene chimandivuta. Muyeso umenewu ndi wolungama kwa iwo amene amakumana kawirikawiri, ndiwo a ku Ulaya, kumene munthu akhoza kukwera sitima Lachisanu ndi kupikisana ndi akatswiri Loweruka. Koma wothamanga wa ku South Africa, dziko limene lili m'bungweli, kapena wa ku New Zealand, kapena wa ku Brazil, amathamanga pakati pa anzake ochepa a mapointi ochepa, ndipo kuti dzina lake likwere ayenera kulipira ndege yopita kumene kuli akatswiri. Ngakhale bungweli lili tsopano ndi mayiko oposa 70, ndipo ofesi yake ili ku Karlstad ku Sweden, mpikisano wa dziko lonse wa othamanga pansi watuluka mu Ulaya katatu kokha: ku Australia mu 1985, ku United States mu 1993, ndi ku Japan mu 2005. Pangano la ku Leibnitz lidalonjeza mayiko atsopano, ndipo mbali imeneyi ya pangano ndiyo yatsalira m'mbuyo.

Pakali pano mzinda wabala zipatso zina zimene bungwe silidabzale. Magulu a m'madera adayamba mipikisano yaitali ya m'makwalala, yopitirira malire a sprint, monga London City Race, imene gulu la South London Orienteers lidayambitsa mu 2008. Ndipo ku Britain mipikisano yotere idasonkhanitsidwa mu ligi ya chaka chonse yotchedwa UK Urban League, pamene mizinda ina ya ku Ulaya idagwirizana mu City Race Euro Tour. M'menemo mulibe ulemu wa dziko lonse. Muli ana, amene amapatsidwa njira zosadutsa misewu ya magalimoto. Muli makolo awo. Muli okalamba a zaka 70 ndi kupitirira, aliyense akupikisana ndi a msinkhu wake. Okonza ake ndi anthu a ntchito zina, amene madzulo amalemba makalata opempha chilolezo kukhonsolo, kwa eni nyumba ndi kwa oyang'anira masukulu, nakambirana ndi magulu anzawo kuti mipikisano iwiri isagwere Loweruka limodzi. Komabe onsewa amajambula mapu awo motsata malamulo a IOF, ndipo mzere wakuda wonenepa uli ndi tanthauzo limodzi ku Porto ndi ku York.

Kufikira lero orienteering sidalowe m'masewera a Olympic, ngakhale yakhala mu World Games kuyambira mu 2001 ku Akita, ku Japan. Ngati tiyesa ulendo wa mumzinda ndi cholinga chimene akuluakulu adanyamukira, tidzati sudafike. Koma ine ndiuyesa ndi muyeso wina. Masewera amene kale ankafuna nkhalango yaikulu, galimoto yokafikira kumeneko ndi makolo oidziwa, tsopano afuna bwalo la sukulu, mapu a pepala limodzi, mbendera khumi ndi mphunzitsi mmodzi wofatsa. Ndipo kuyambira 2016 bungweli lakhala likuitana masukulu a padziko lonse, m'mwezi wa May, kuti ana ayese masewerawa pakhomo pawo. Kumeneko ndiko ndikadakonda kuti atsogoleri a ku Karlstad aikeko mphamvu zawo, ndi kutuma ojambula mapu ndi alangizi kumayiko amene sadalandirepo mpikisano waukulu, kuposa kugogodabe pakhomo limene lakhala lotseka kuyambira 1977.